Plabable pokonzekera PLAB 1: imathandiza, koma payokha siikwanira

Kwa dokotala wofuna kukagwira ntchito ku Britain, Plabable ndi nkhokwe ya mafunso yothandiza ndithu. PLAB 1, gawo loyamba la mayeso amene madokotala ophunzira kunja amalemba kuti aloledwe kugwira ntchito ku Britain, ili ndi mafunso 180 m'maola atatu, funso lililonse mphindi imodzi basi, ndipo mayeso oyeserera a Plabable amakuzolowezani liwiro limenelo.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa malamulo ndi khalidwe la dokotala. Mwachitsanzo, funso lingati: mtsikana wa zaka 15 akufuna mankhwala olera makolo asakudziwa. Wodwala khunyu akuyendetsabe galimoto osauza DVLA, bungwe lopereka ziphaso zoyendetsera galimoto. Apa yankho limatsata malamulo a ku Britain, osati zomwe tinazolowera kwathu kuno. Plabable imafotokoza zimenezi mwachidule, choncho werenganinso malangizo a GMC (bungwe loyang'anira madokotala ku Britain) okhudza kusunga chinsinsi cha wodwala. Mukangoloweza mayankho, funso akalitembenuza pang'ono mwagwa nayo.