Mbande zogula, paketi yosakaniza, kapena njere zotola wekha?

Anzanga achuluka ondifunsa kuti maluwa akutchire opirira chilala, amene njuchi ndi agulugufe sachokapo, ndinawapeza bwanji. Ndayesa njira zitatu.

Paketi ya mbewu zosakaniza imamera msanga, koma werengani mayina kuseri kwake. M'paketi yanga munadzaza cosmos, duwa lomwe kwawo ndi ku Mexico. Njuchi zimaterapo ndithu, koma ine ndinkafuna duwa la m'dera langa lomwe.

Mbande za ku nazale ndiye zinandipweteka mtima, mpaka lero. Ndinagula 12, zobiriwira bwino, zina zitayamba kale maluwa. Pong'amba machubu ndinapeza mizu itapotanapotana pansi, koma ndinawokerabe. Duwa lopirira chilala limadalira muzu wotsika pansi kukafuna chinyezi, ndipo muzu wopindikira m'chubu suwongokanso bwino. Ndinathirira tsiku ndi tsiku, madzi amene wogulitsa sanawatchule n'komwe. Nditasiya kwa milungu iwiri, zinatsala zitatu zokha.

Zotsalazo zinali za maluwa othithikana, aja okongola pachithunzi. Maluwa otere mbali zotulutsa mungu zinasanduka timasamba ta duwa, choncho njuchi imazungulira n'kubwerera chimanjamanja. Nditafunsa ngati mbandezo anazithira mankhwala ophera tizilombo, yankho lomveka panalibe. Funsoli si lachibwana: mankhwala monga imidacloprid amalowa m'mmera wonse, mpaka mu mungu ndi m'timadzi totsekemera timene njuchi zimamwa. N'chifukwa chake mu 2018 mayiko a European Union analetsa kuwagwiritsa ntchito panja.

Njere zotola wekha zimafuna kufatsa. Umadikira kuti makoko aume pa mmera, n'kutengako pang'ono pokha kuti ena abalane pomwepo, utapempha mwini malo, ndipo osati m'malo otetezedwa. Umafesa pamalo pomwe duwalo lidzakhalire mvula ikayamba, osathira feteleza, chifukwa feteleza amangonenepetsa udzu. Chovuta n'kupalira, pakuti zikangomera sizisiyana ndi udzu. Ine ndimafesa m'mizere kuti ndizizindikire.

Chaka choyamba zinali zazifupi, zosapatsa chidwi. Chachiwiri kunali ng'amba, koma sindinazithirire ngakhale kamodzi, ndipo m'mawa uliwonse njuchi zinali ng'ung'ung'u. Wondifunsa ndimamupatsa njere m'kapepala. Ku nazale sindimutumako.