Ndemanga yanga pa opaleshoni ya maso ya LASIK, patatha masabata 6

Lero akwana masabata 6 chichitireni opaleshoni ya LASIK, yokonza maso ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kuti munthu asiye magalasi, pa kiliniki ina ya maso kumpoto kwa Johannesburg. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodzi yotsalayo ndaichotsa pa chifukwa chomwe ndifotokoze.

Magalasi ndinayamba kuvala ndili Sitandade 7 kwathu ku Ntcheu, aphunzitsi ataona kuti ndimatsinzinira poyang'ana pa bolodi. Mphamvu yake inkangokwera mpaka inafika -4.50 diso lamanja ndi -4.00 lamanzere. Ntchito yanga ndi yophika mu lesitilanti. Ukavundukula poto wa msuzi, nthunzi imaphimba magalasi onse, ndiye uime ndi chipande m'manja kudikira kuti ayere, kwinaku maoda akuwunjikana. Mafuta a pachiwaya amathovukirapo, thukuta limawatsetsereza pamphuno. Ma contact lens, timagalasi toika pa diso penipeni, ndinayesa, koma kutentha kwa kukhitchini kunkandifiiritsa maso pofika madzulo. Ndinasunga ndalama chaka chathunthu, chifukwa a medical aid yanga anandiuziratu kuti salipirako kalikonse.

Amayi nditawaimbira foni anakanitsitsa. "Mwanawe, maso alibe sipeya. Magalasiwo akulakwira chiyani?" Mawu amenewa anandikhala mumtima, ndipo ndi omwe anandichititsa kufunsa mafunso ambiri tsiku lokapimidwa.

Kupimako ndiko ndikuwayamikira nako kwambiri. Anandiuza kuti ndisiye ma contact lens masabata 2 ndisanapite, popeza amasintha kaumbidwe ka diso. Kumeneko anandipima maola pafupifupi 2. Anajambula cornea, kachikopa koonekera ngati galasi ka kutsogolo kwa diso, nayeza kukhuthala kwake. Adokotala anatembenuza kompyuta kuti ndizionera ndekha, nafotokoza kuti laser saika kanthu m'diso, amangopala kachikopako pang'ono kwambiri kuti kuwala kuzigwera pamalo pake. Kachikopako kakakhala kopyapyala mopitirira, kapena munthu akapezeka ndi vuto lotchedwa keratoconus, LASIK samuchita. Ena amawachita opaleshoni ina ya laser yotchedwa PRK, imene imapweteka masiku angapo ndipo imachedwa kupola. Anandiuzanso mosabisa kuti ndikadzapitirira zaka 40 ndidzafunabe magalasi owerengera, chifukwa ukalamba wa diso laser sauletsa. Ine ndili ndi 33. Sanandikakamize kulipira tsiku lomwelo.

Tsiku la opaleshoni anandiperekeza achemwali anga, poti sakulola kudziyendetsa wekha pobwerera. Anandidonthezera mankhwala, maso anachita dzanzi. Nditagona pabedi, anaika kachitsulo kogwira zikope kuti ndisaphethire. Kenako chinthu china chinakanikiza diso, kuwala konse kunazima, kunangoti bii. Apa ndiye pomwe ndinachita mantha enieni, zala zinagwira nsalu ya bedi mwamphamvu. Koma anamwino anali atandichenjeza kale, ndipo ankawerenga masekondi mokweza pafupi ndi khutu langa mpaka kuwala kunabwerera. Nthawi imeneyo ndiyo laser woyamba amadula kachivindikiro kopyapyala pa cornea. Adokotala anakatukula, zonse zinaoneka ngati ndili pansi pa madzi, nandiuza kuti ndiyang'anitsitse kanyali kophethira. Laser wachiwiri ankalira kuti tha tha tha, ndipo ndinamva fungo ngati lomwe limatuluka tikamawawula nkhuku pamoto. Ululu panalibe. Anabwezera kachivindikiro pamalo pake, osasoka. Maso onse awiri sanakwanitse mphindi 20.

Dzanzi linatha tili pamsewu wa M1. Maso anayamba kuwawa ngati ndawagwira ndi zala za tsabola, misozi mbwembwembwe, kuwatsegula osatheka. Zinatenga maola ngati 4. Achemwali anatseka makatani, anandimata zotchingira maso zapulasitiki zomwe anatipatsa, ndinagona.

M'mawa mwake ndinatambasula dzanja kufuna magalasi pambali pa bedi monga mwa masiku onse, kenako ndinayang'ana pawindo. Pa waya wamagetsi panali njiwa ziwiri, ndipo ndinkaona mpaka kamzere kakuda ka pakhosi pake. Nambala ya pageti la nyumba ya tsidya la msewu ndinaiwerenga ndili pabedi. Ndinakhala chete nthawi yaitali. Kukiliniki tsiku lomwelo ndinawerenga zilembo mpaka mzere womwe munthu woona bwino amayenera kufika.

Tsopano dandaulo langa. Nkhani ya kuuma kwa maso sanaikambe mokwanira. Inali mzere umodzi pa pepala losayina. Ndinawauza momveka kuti ndimagwira ntchito pamoto, koma anati masiku 3 ndi okwanira kupuma. Pambuyo pake mpomwe anandifotokozera kuti podula kachivindikiro kaja amadulanso timitsempha tomwe timauza diso kuti lipange misozi, ndipo timatenga miyezi kuti tibwerere mwakale. Onjezanipo kuti ndinachita mu Julaye. Amene mumakhala kuno mukudziwa mpweya wa Johannesburg nthawi yozizira, wouma mpaka milomo kung'ambika, kenako Ogasiti amabwera ndi mphepo yake ya fumbi.

Tsiku lomwe ndinabwerera kuntchito, pofika masana maso anali ngati athiridwa mchenga. Timapepala ta maoda tinkaoneka mwachimbuuzi. Ndikaphethira kangapo tiyera, pakapita kanthawi tithimbiriranso. Kutikita m'maso nkoletsedwa chifukwa ungasunthe kachivindikiro kaja, ndiye ndinkangothamangira kuseri kukadontheza mankhwala ola lililonse. Mtima unapita kwa amayi ndi mawu awo aja. Ndinapempha abwana kuti andisunthire mbali ya masaladi, kutali ndi mbaula, kwa masabata 2, ndipo anavomera. A kukiliniki akanandiuza zoona zake poyamba, ndikanapempheratu tchuthi cha sabata yathunthu, mwinanso ndikanadikira nyengo ya mvula.

Mankhwala opha tizilombo ndi oletsa kutupa anali mu mtengo wa opaleshoni. Koma misozi yogula yonyowetsera maso, ija ya m'timabotolo togwiritsa ntchito kamodzi, ndimagula ndekha ku famase, ndipo mwezi woyamba inandidyera ndalama zomwe sindinaziwerengere. Amene mukusunga ndalama za opaleshoniyi, ikaninso padera zina za zimenezi, ndipo auzeni adokotala bwinobwino malo omwe mumagwira ntchito, kaya ndi pamoto, pafumbi, kapena pa kompyuta tsiku lonse. Musatuluke m'chipindamo asanakuyankheni za kuuma kwa maso.

Usiku nyali za magalimoto zinkaoneka ndi nkhata yowala mozungulira, moti masabata awiri oyamba sindinayendetse kukada. Pano nkhatayo yachepa, ngakhale ilipobe pang'ono ndikatopa. Pakuyankha foni ndiye a kukiliniki sindingawanene: nditaimba Loweruka ndili ndi nkhawa, anandiitana Lolemba m'mawa nandipima osalipiritsa, napeza kuti kachivindikiro kali malo ake.

Pano ndabwerera pa mbaula. Ndimadontheza kanayi pa tsiku, ndipo panja ndimavala magalasi a dzuwa. Ndikapimitsanso mu Okutobala, miyezi 3 ikakwana. Amayi ndinawaimbira pa vidiyo sabata yatha, anandiyang'anitsitsa nati, "Tayandikira, ndione masowo." Ndinayandikira.