Toyota Crown ya 2000: zomwe ndasintha, zomwe ndasiya, ndi zomwe imandidyera

Mayi anga ali ndi vuto la msana, ndipo ulendo wochoka ku Blantyre kupita kumudzi ku Ntcheu unkawagoneka masiku awiri. Tsiku loyamba kuwanyamula mu Crown, tisanafike n'komwe pa Zalewa anali atagona tulo kumpando wakumbuyo, chitenje atafunda kumapazi. Anadzidzimuka cha pa Chingeni n'kufunsa kuti, "Kodi mwanawe, tayimiranji?" Tinali tikuyenda. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wondiuza kuti ndigulitse chigalimoto chakumwa mafutachi ndigule kakang'ono, ndimangomumvera koma mtima suli pamenepo.

Yanga ndi Royal Saloon yopangidwa mu 2000, ya gulu lija Toyota inatulutsa kuyambira 1999 mpaka 2003. Pa kachitsulo ka pansi pa boneti palembedwa JZS171. Ndinaigula mu 2016 kwa munthu amene anaitanitsa yekha ku Japan, n'kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Injini yake ndi 1JZ-GE ya malita 2.5, masilinda asanu ndi imodzi ondondozana mumzere umodzi, ndipo mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Amene mukufuna kugula Crown ya zaka zimenezi, werengani kachitsulo kameneko musanayang'ane n'komwe penti. Zina zili ndi injini yolembedwa FSE, ija amati D-4, imene imapopera petulo molunjika m'silinda. Ndi injini yabwino, koma imafuna mmisiri woidziwa ndi makina oyezera, ndipo pampu yake siipezeka pena paliponse. GE ndi yosavuta. Makaniko aliyense amene anagwirapo Mark II, Chaser kapena Cresta, galimoto zina za Toyota za injini yofanana, akatsegula boneti amaona zinthu zomwe akuzidziwa kale.

Pomwe ndinkaigula, mwini wake woyamba anali ataipanga "yachinyamata". Anaika marimu a mainchesi 18, matayala opyapyala ngati lamba, ndipo masipulingi anawadula kuti ikhale yogwa pansi. Poyima inkaoneka bwino ndithu. Koma pa hampu iliyonse ya m'tauni ndinkakwera chammbali, mtima uli m'mwamba, n'kumamva chitsulo chikukhula pansi. Mwezi woyamba womwewo rimu imodzi inapindika m'dzenje la pamsewu.

Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire amene ali ndi galaja la malata kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango. Sanathamangire sipanala. Anaizungulira kawiri, anakanikiza ngodya iliyonse ndi bondo, anagona pa katoni n'kulowa pansi pake ndi tochi. Atatuluka anapukuta manja n'kunena kuti, "Bwana, galimotoyi siikudwala. Angoivula nsapato zake n'kuiveka za mwana." Ndinafunsa kuti, "Ndiye tiyambire pati, madala?" Iwo anati tiyambire pansi, zokongoletsa zidikire.

Kusintha kwanga koyamba kunali kubweza zomwe mnzanga uja anasintha. Tinapeza marimu ake enieni a mainchesi 15 kwa ophwasula galimoto, n'kuika matayala a 205/65R15, okhala ndi mnofu wokwanira kumeza miyala. Masipulingi odulidwa aja tinataya, tinaika athunthu ndi mashoko atsopano onse anayi. Pamwamba pa mashoko madala anaika timasipesa tochepa, tosafika zala ziwiri, kuti ikwere pang'ono kuposa mmene inatulukira ku fakitale. Ndinkafuna akweze kwambiri chifukwa cha njira ya kumudzi, koma anakana. Anati ukaikweza mopitirira, mikono ya kutsogolo imakhala mopendekeka, ma ball joint (timfundo tachitsulo tolumikiza tayala ku mikonoyo) amatha msanga, matayala amadyeka mbali imodzi, ndipo pokhota galimoto imayamba kugwedera ngati bwato. Lero ndimawayamika. Pansi pa injini anakhomapo chitsulo chochinga sampu, ndipo mikwingwirima yomwe ili pachitsulocho imandiuza kuti ndalama imeneyo sinapite pachabe.

Za ma ball joint apansi akutsogolo ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Galimoto ndi yolemera, misewu yathu ndi imene mukuidziwa, ndipo kachitsulo kameneko kakazuka tayala limagona pansi galimoto ikuyenda. Madala amawayang'ana nthawi iliyonse ndikapita kukasintha oyilo, ndipo apa ndi pamene sindigula za kaunjika kapena zotchipa ngakhale thumba litapepuka bwanji.

Kenako tinalowa mu injini. Panalibe pepala losonyeza kuti timing belt, lamba woyendetsa mavalavu a injini, inasinthidwa liti, ndipo lamba ameneyu amayenera kusinthidwa akakwana makilomita pafupifupi 100,000. Tinasintha lamba, tensioner, pampu ya madzi ndi ma seal a kutsogolo tsiku limodzi, chifukwa njira yofikira zonsezi ndi imodzi, ndipo kumasula kawiri n'kulipira kawiri. M'mawa kukazizira injini inkatsokomola pang'ono. Titazula mapulagi tinapeza awiri akusambira mu oyilo: gasketi ya chivundikiro cha pamwamba inali itauma n'kukhala ngati pulasitiki, ukaipinda imathyoka. Izi n'zaukalamba basi, mphira aliyense amatopa. Injini imeneyi ili ndi makoyilo atatu okha, iliyonse imatumikira masilinda awiri kudzera pa waya, choncho mawaya aja nawo tinasintha. Chitsokomolo chinatheratu. Tsopano ikamalira pamalo, munthu woima pambali amafunsa ngati yazima.

Pali chizolowezi china chomwe ndimadana nacho, chochotsa thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini, ati chifukwa kuno n'kotentha. Yanga ndinaipeza atachotsa kale, ndipo mu rediyeta munali madzi a pampopi ofiira ndi dzimbiri. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, kompyuta yake imaganiza kuti kudakali kozizira n'kumathira petulo wambiri. Tinatsuka zonse, tinabwezeramo thermostat, tinathira coolant weniweni. Muvi wa kutentha umakwera kufika pakati n'kukhazikika pomwepo, kaya ndi mu Okutobala kutsika ku Chikwawa, kaya mu Juni ku Dedza.

Kamodzi kokha inandisiya panjira, ndipo mlandu si wa galimoto. Rediyeta yakale itayamba kuchucha pamutu pake pa pulasitiki, ndinagula yotchipa mu shopu ina ya masipeya, wogulitsa atalumbira kuti ndi yeniyeni. Isanathe miyezi inayi inang'ambika pa msoko tikuchokera ku maliro, usiku, m'galimoto muli anthu asanu. Ndinaona muvi ukukwera, ndinaima pompo n'kuzimitsa, ndipo ndi chimene chinapulumutsa injini. Tinakhala m'mphepete mwa msewu mpaka mbandakucha, azakhali akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi kuti ana asaope. Nditabwerera ku shopu kuja anandiuza kuti katundu wotuluka sabwezedwa. Chiyambire pamenepo sipeya iliyonse yofunika ndimayamba ndaonetsa madala ndisanalipire.

Mkati sindinasinthe zambiri, ndipo sindikufuna. Mipando yake ndi yansalu yofewa ngati bulangete, siitentha padzuwa monga yachikopa. Timazenera ta mphepo ta pakati timayenda tokha uku ndi uku kugawa mphepo yozizira, ndipo ana amakonda kutiyang'ana. Buleki yoimikira ndi yopondera ndi phazi, zomwe zimasokoneza aliyense woyendetsa koyamba. Chimene ndinachotsa ndi wailesi. Mawailesi a galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu kuno zili pamwamba pa 90. Ena amaika kachipangizo kosuntha manambala, koma mawu ake sankandikhutiritsa, ndiye ndinaika wailesi ina yokhala ndi Bluetooth. Ndinapempha wamagetsi kuti asadule waya ngakhale mmodzi, agwiritse ntchito pulagi yolumikizira. Galimoto zakale zambiri zomwe ndaona zikuvuta magetsi, vuto linayambira pa munthu woika wailesi kapena alamu ndi mpeni ndi tepi. Magalasi a nyali anali atachita chikasu. Tinangowapukuta ndi polishi n'kuwongola kaunikidwe, ndipo pokayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sipanakhale nkhani.

Tsopano mafuta, pakuti apa ndi pomwe pamawawa. Thanki yake ndi ya malita 70. Paulendo wautali, ndikamayenda modekha, ndimapeza makilomita 10 pa lita, nthawi zina kuposerapo pang'ono. M'tauni, pa mndandanda wa pa Chipembere Highway madzulo, zimatsika kufika 6 kapena 7. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene pa filling station ankapereka mopima, zomwe mnzanga wa Vitz ankayendera sabata ine zinkatha masiku atatu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yoitanitsa kunja inakwera nthawi imodzi, ndipo ndinaimika galimoto mwezi wathunthu kudikira ma bush a kumbuyo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, choncho mapaipi a mphira a mafuta, omwe anali atakalamba kale, ndinawasinthiratu asanayambe kudontha. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi, ndipo mu giyabokosi mumalowa oyilo wa Type T-IV yekha, osati mafuta ofiira alionse a pashelefu.

Za injini zimapezeka mosavuta chifukwa cha abale ake aja a Mark II. Zovuta ndi za thupi: nyali yakumbuyo, galasi lapambali, bampala. Wanjinga ya kabaza atandiswera nyali yakumanzere ndinasakasaka ku Limbe konse, mpaka inapezeka ku Lilongwe kwa ophwasula patatha milungu isanu.

Kwa munthu woyenda m'tauni mokha, kunyumba ndi kuntchito, sindingamulangize Crown. Ndalama ithera pa pampu. Sindingalangizenso amene alibe mmisiri wodekha womukhulupirira, kapena amene akufuna kuigwetsa pansi kuti anthu acheuke. Koma woyenda maulendo ataliatali ndi banja, wonyamula makolo okalamba, wokonzeka kupatula kangachepe mwezi ndi mwezi kuti akonze chinthu chisanafe, apeza galimoto yomwe zing'onozing'ono zatsopanozi sizingafanane nayo pa kukhazikika pamsewu.

Yanga yadutsa makilomita 280,000 injini isanatsegulidwepo mkati. Mwezi wamawa ikubwerera pansi pa mtengo wa mango uja kukasintha ma mounting a injini, chifukwa ndayamba kumva kanjenjemera pachiwongolero ndikaima pa maloboti. Madala anena kuti ndiisiye Lachisanu madzulo, Loweruka masana ndikaitenge, kuti Lamulungu ndikathe kukawatenga mayi ku Ntcheu.