Chiwaya cha kuseri kwa depoti pa Mangochi boma: tchipisi n'chabwino, koma tikambepo za mafutawo

Kwa amene mumatsika basi pa Mangochi boma njala itakupanani, pali chiwaya china kuseri kwa depoti, mbali yolowera kumsika, chomwe ine ndimachiika patsogolo pa ziwaya zonse za m'tauni muno. Chilibe chikwangwani, chilibe dzina, ndi kashedi ka malata awiri ndi benchi basi, koma mukaona akabaza ataunjika njinga zawo pamalo amodzi nthawi ya nkhomaliro dziwani kuti mwafika. Mwini wake ndi bambo wachikulire ndithu, aliyense amangoti achimwene, ndipo ali ndi mnyamata mmodzi wosenda mbatata ndi kuyatsa moto.

Tchipisi chake amadula chonenepa, osati timizere towonda tija timene timangouma ngati nkhuni. Kunja chimakhala chofiirira bwinobwino, m'kati chofewa, ndipo mbatata amasankha, sagula zija zobiriwira zowawa kukhosi. Kachewere kuno sachita bwino chifukwa cha kutentha, ndiye mbatata yambiri imachokera kumapiri a ku Ntcheu ndi Dedza, kwa Tsangano, Lizulu, Bembeke uko, ikafika kuno thiransipoti yadya kale phindu. Ndiye musadabwe kuti mulu wa K2,000 kuno ndi wochepa poyerekeza ndi umene mungapatsidwe pa Lizulu penipeni. Saladi ndi wa kabichi ndi tomato, anyezi pang'ono, ndi tsabola wa kambuzi wosinja yekha yemwe ndikuchenjezeni, musathire ngati mukuthira Nali, ameneyu amaluma mpaka m'makutu.

Koma chimene chimandibweza pamenepa ndi mbuzi. Imakhala yochinja m'mawa womwewo, ya halaal, paja kuno Asilamu ndi ambiri ndipo nkhumba pachiwaya simungaione wamba ngati ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Nyama amaipachika pomwepo mukuiona, mumaloza nokha nthuli imene mukufuna, iwo n'kudula n'kuponya m'mafuta. Za m'kati ziliponso, chiwindi, mtima, matumbo okulunga aja, ndipo zimenezi ndiye zimayamba kutha. Madzulo amawonjezera kanyenya wa nsomba, utaka kapena timcheni malinga ndi zimene zapezeka kudooko tsiku limenelo. Chambo musayembekezere, chambo masiku ano ndi cha kumaloji a ku Makawa ndi Nkopola, munthu wa pachiwaya sangachikwanitse, makamaka November ndi December nyanja akatseka.

Tsopano nkhani ya mafuta, chifukwa ndikangoyamikira osanena zimenezi ndiye kuti ndakunamizani. M'mawa mafuta amakhala oyererapo, tchipisi choyamba chimatuluka chokongola, fungo lake labwino. Koma chiwaya ndi chimodzi, ndipo mafuta omwewo ndi amene akazinge tchipisi, akazinge mbuzi, matumbo, kenako nsomba, tsiku lonse pamoto wa nkhuni womwe sungachepetsedwe. Ikamafika 4 koloko madzulo mafuta aja ada bii, akuchita thovu, utsi wake ukuyabwa m'maso, ndipo achimwene sataya ayi, amangothiramo ena pang'ono pamwamba kuti aoneke ochuluka. Otsala amawasefera m'chigubu, mawa ayambirenso pomwepo. Ndinawafunsa mwaulemu kuti achimwene, mafutawa simusintha? Anaseka n'kundiyankha kuti bwana, ndikataya amenewa ndiye ndataya ana anga. Sindinatsutse, chifukwa masamu ake ndi oona.

Anthu ambiri akamva mawu oti kolesitolo amaganiza kuti ali m'botolo la mafuta ophikira, ndipo makampani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amalemba pabotolo kuti mulibe kolesitolo. Sakunama, mafuta a soya, a mpendadzuwa, a mtedza, onse ochokera ku zomera alibe kolesitolo. Kolesitolo amapezeka mu zakudya zochokera ku nyama, ndipo wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwechi. Vuto ndi loti mafuta ena, makamaka aja oundana akazizira monga mafuta a mbuzi ndi a ng'ombe, komanso mafuta a kanjedza omwe pafupifupi theka lake ndi a mtundu umenewu, amachititsa kuti kolesitolo woipa uja, madokotala amati LDL, achuluke m'magazi. Ameneyu ndi amene amamatirira m'mitsempha pang'onopang'ono, njira ya magazi n'kumachepa, mapeto ake sitiroko kapena mtima kungoima. Ndiye taganizani chiwaya chomwe mwakazingamo mbuzi yonona tsiku lonse, mafuta a mbuziyo asungunukira momwemo, tchipisi chanu chikuyamwa zonsezo ngakhale inuyo simunagule nyama. Kuwonjezera apo mafuta otenthedwa mobwerezabwereza mpaka kufuka utsi amawonongeka, amatulutsa zinthu zina zosayenera m'thupi. Kuda kuja si mtundu chabe.

Ndipo zimenezi si matenda a azungu kapena a mabwana a mimba zikuluzikulu okha ngati mmene timanamizirana. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita limodzi ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kolesitolo wokwera anapezeka mwa anthu pafupifupi 9 pa 100 alionse, shuga pafupifupi 6 pa 100. Apo ndi 2009, ziwaya zisanachuluke ngati lero pomwe pa sitolo iliyonse kuyambira kwa Mpondasi mpaka Monkey Bay pali utsi wa tchipisi. Choopsa ndi choti kolesitolo sapweteka, sumva mutu, sumva malungo, umangoyenda bwinobwino mpaka tsiku limenelo anthu n'kumati amulodza.

Koma apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amangolemba pa Facebook kuti mavenda akutipha, khonsolo iwathamangitse. Imani kaye pachiwaya mphindi zochepa mumvetsere zimene makasitomala amanena. Achimwene akamatsanula tchipisi kuti mafuta adonthe, kasitomala yemweyo ndi amene amakuwa kuti ayi bigi musaumitse, thiranimo kasupu. Kasupu kake ndi mafuta akuda aja, amatunga ndi chipande n'kuthira pamwamba m'jumbo mpaka tchipisi chikusambira. Mchere nawo munthu amadzithirira yekha dzanja lonse, pomwe WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Ndiye wolakwa ndani pamenepa? Venda akati asinthe mafuta tsiku lililonse ndiye kuti mulu wa K2,000 ukhale K3,000, ndipo tonse tikudziwa kuti tsiku lomwelo makasitomala asamukira pachiwaya cha pafupi chomwe mafuta ake ndi a sabata yatha.

Geni imeneyi ndi yowawa, tisamaione ngati yophweka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mafuta ophikira ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zinakwera mosaneneka chifukwa zipangizo zake zambiri zimachokera kunja, zimafuna madola. Venda agule mafuta, agule thumba la mbatata lomwe pena pansi pake mumapezeka zowola, nkhuni, mbuzi, majumbo, alipire chiphaso cha msika, alipire mnyamata, kenako atsale ndi ya ufa kunyumba ndi fizi ya ana. Mvula ikagwa tsiku limenelo palibe malonda. Mwezi wa Ramadan masana kumakhala zii, amadikira nthawi ya futali basi, Asilamu akamamasula kusala kudya madzulo. Nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe Mangochi inali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, anthu ankaopa kudya za mumsewu ndipo ambiri mpamba unathera pomwepo. Munthu wotereyu ukamuuza za LDL amakuyang'ana ngati wapenga, iye akuganiza za lendi ya mwezi uno.

Pa ukhondo ndiwapatsa ulemu wawo achimwenewa. Pali ndowa ya mpopi ndi sopo, osati beseni limodzi lija losambamo m'manja anthu onse. Nyama amaiphimba ndi kansalu ka neti chifukwa cha ntchentche, paja kutentha kwa kuno mu October nyama sichedwa kununkha. Chimene sindikonda ndi kabichi, amadula wambiri m'mawa n'kumusiya padzuwa, pofika masana wafota ndipo sindikhulupirira madzi amene amatsukira. Ine saladi ndimadya ndikafika m'mawa, masana ndimangoti tomato yekha adule pomwepo ndikuona. Komanso zoika tchipisi chotentha m'kajumbo kopyapyala kaja zimandinyansa, mbale zilipo, pemphani mbale ngati mukudyera pomwepo.

Ndiye mukafuna kudya pamenepa osadzipweteka kwambiri, fikani isanakwane 12 koloko mafuta asanade. Nenani kuti akuumitsireni, ndipo kasupu kaja kanani ngakhale akukakamizeni kuti ndi banyira. Mbuzi sankhani ya mnofu, ndipo pambali pali kawaya ka makala, mukawapempha amakuwotcherani m'malo mokazinga, imatenga nthawi koma imakoma kuposa, ambiri sadziwa chifukwa safunsa. Chiwindi ndi matumbo ndi za apo ndi apo, makamaka inu amene kuchipatala anakuuzani kale za BP kapena shuga. Ndipo tili kunyanja abale, usipa wofutsa kapena wowotcha uli ndi mafuta abwino ku mtima, umadyedwa ndi minga yomwe, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti munthu wa ku Mangochi nkhomaliro yake sabata yonse ikhale tchipisi ndi Fanta pomwe amayi ogulitsa nsima ya usipa ndi chisoso ali mseri momwemo, mtengo wakenso wotsikirapo. Wakabaza amene wapalasa kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kukafika kwa M'baluku maulendo angapo mwina thupi lake liwotcha zimenezo, koma iwe wa muofesi amene wakhala pampando kuyambira m'mawa n'kubwera pa njinga yamoto, usadziyerekeze naye.

BP kuyezetsa ndi ulere m'zipatala za boma, palibe chifukwa chokhalira osadziwa. Kolesitolo ndiye nthawi zambiri umafunika kulipira kuchipatala cha pulaiveti, amatenga magazi, koma ngati zaka zapitirira 40 ndipo chiwaya ndi kwanu tsiku ndi tsiku, ndalama imeneyo ndi yofanana ndi tchipisi cha masabata ochepa chabe.

Pa 10 ndiwapatsa 7. Mbuzi ndi tchipisi cha m'mawa zikanakhala zokha ndikanati 9, koma mafuta a madzulo ndi kabichi uja zawachotsera. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba koma amakonda kashi, ndipo chenji chimavuta, tengani ndalama zing'onozing'ono. Lachisanu amatseka cha m'ma 12 kupita ku Jumah, mapemphero a ku mzikiti, amatsegulanso 2 koloko ikadutsa.