Ndemanga ya VPN yolipira: imabisadi njira yanga, koma imalonjeza zambiri kuposa zimene imachita

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito VPN yolipira, pulogalamu yobisa kumene munthu akupita pa intaneti, pa foni ndi pa laputopu kwa nthawi yokwanira kuona ubwino ndi zofooka zake, ndipo pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu. Pa ntchito yeniyeni imene inapangidwira, pulogalamuyi sinandigwiritse mwala. Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha malonda ake, amene amachititsa munthu kuganiza kuti akangodina batani limodzi ndiye kuti wazimiririka pa intaneti. Inayo ndaichotsa chifukwa cha funso limene kampaniyo singathe kuliyankha mokhutiritsa ngakhale itafunitsitsa: ndani angatsimikizire kuti zimene ikundibisira kwa ena, iyo yomwe sikuzilemba penapake?

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kosavuta kumvetsa. Mukaiyatsa, zonse zochokera mu foni yanu zimakiyidwa kaye, n'kutumizidwa ku seva ya kampani ya VPN, ndipo ndi sevayo imene imazitsegula n'kuzipititsa ku webusaiti imene mukufuna. Kampani yokupatsani intaneti, kapena mwini Wi-Fi imene mwalumikizako, amangoona kuti mukulankhulana ndi seva imodzi, nthawi imene mwayamba ndi kuchuluka kwa zimene zikudutsa, koma sadziwa masamba amene mukutsegula. Webusaiti nayo imaona adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa chipangizo pa intaneti) ya sevayo m'malo mwa yanu. Izi ndinazitsimikizira ndekha pa masamba oyezera VPN: nditasankha seva ya ku Frankfurt, tsambalo linanena kuti ndili ku Germany, ndipo pa mayeso a DNS, imene ndi njira yofunsira adiresi ya webusaiti mukalemba dzina lake, dzina la kampani yondipatsa intaneti silinatuluke ngakhale pa mzere umodzi. Mayeso achiwiriwa ndi ofunika kuposa oyambawo, chifukwa VPN ikhoza kubisa adiresi yanu bwinobwino koma mafunso a DNS n'kumadutsa kumbali, ndipo zikatero mndandanda wonse wa masamba amene mwatsegula umakhala poyera.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kill switch, imene imadula intaneti yonse ngati VPN yaduka mwadzidzidzi. Ndinaiyesa mwadala pamene ndinkatsitsa fayilo yaikulu: nditazimitsa Wi-Fi n'kuiyatsanso, kamzere kosonyeza kutsitsa kanaima pomwepo, tsamba lililonse linakana kutseguka, ndipo zonse zinayambiranso pokhapokha chizindikiro cha VPN chitabwerera kukhala chobiriwira. Chodandaulitsa n'chakuti pa foni mbali imeneyi imabwera ili yozimitsa, ndipo yabisidwa mkati mwa zosankha, moti munthu wosaidziwa akhoza kukhala zaka osaiyatsa, akudziona ngati wotetezeka.

Pulogalamuyi imalola kusankha pakati pa njira ziwiri zokiyira ndi kutumizira uthenga, WireGuard ndi OpenVPN. WireGuard, imene inalembedwa ndi Jason Donenfeld ndipo inalowetsedwa mu pulogalamu yoyendetsera makompyuta ya Linux m'chaka cha 2020, ili ndi mizere pafupifupi 4,000 yokha ya khodi, zimene zimathandiza akatswiri kuiwerenga yonse posaka zolakwika. Kwa ine ndi imene imathamanga, imalumikiza m'kuphethira kwa diso, sidya batire kwambiri, ndipo siduka foni ikachoka pa Wi-Fi kupita pa netiweki ya foni. OpenVPN, imene ilipo kuyambira 2001, ndi yochedwerapo, koma inandithandiza pa netiweki ina imene inkatsekereza WireGuard. Liwiro limatsika ndithu, makamaka mukasankha seva yakutali, ndipo pa kuyimbirana kwa vidiyo mawu amachedwa kufika.

Tsopano ndibwere pa malonda aja. Nthawi zonse mukatsegula pulogalamuyi isanayatsidwe, pamabwera mawu ofiira onena kuti simuli otetezedwa, ndipo zotsatsa zake zimajambula mbava itakhala pa Wi-Fi ya anthu onse ikudikira kuba mawu achinsinsi a ku banki kwanu. Kalekale mantha amenewa anali omveka. Masiku ano masamba ambiri, ndipo mabanki ndiye osanena, amagwiritsa ntchito HTTPS, kutanthauza kuti zimene mukulemba zimakhala zokiyidwa kale kuchokera mu foni yanu mpaka ku webusaitiyo, kaya muli ndi VPN kaya mulibe. Chimene mwini Wi-Fi angaone nthawi zambiri ndi dzina la webusaiti, osati zimene mukuwerenga kapena kulemba mmenemo. Dzinalo palokha likhoza kuulula zambiri, mwachitsanzo ngati ndi tsamba la za matenda enaake kapena la ndale, ndipo apa m'pamene VPN imathandizadi. Koma kuopseza anthu ndi vuto limene linachepa kale n'kusaona mtima, ndipo kampani imene ikugulitsa kukhulupirika sinayenera kuyamba ndi kukokomeza.

Palinso zambiri zimene VPN sizikhudza n'komwe. Mukalowa mu akaunti yanu ya Google kapena ya Facebook, mwadzitchula nokha dzina, ndipo zilibe kanthu kuti adiresi yanu ikusonyeza dziko liti. Ma cookie, timafayilo timene masamba amasiya mu browser kuti azikuzindikirani, amapitiriza kukutsatirani, monga ndinaonera pamene zotsatsa za zinthu zimene ndinafufuzapo zinanditsatira ngakhale pa seva ya dziko lina. Makampani otsatsa malonda amathanso kuzindikira kompyuta poona kukula kwa sikirini, mtundu wa zilembo zimene zilimo, chinenero ndi nthawi imene yatcheredwa. Mapulogalamu a pa foni amene munawalola kuona GPS amadziwabe pamene mwaima. Ndipo munthu akakunamizani kudzera mu imelo kuti mulembe mawu achinsinsi pa tsamba labodza, VPN idzanyamula mawuwo mokhulupirika, ali okiyidwa bwino, n'kukawapereka m'manja mwa wakubayo.

Nkhani yaikulu, imene yandidyera nthawi kuposa zina zonse, ndi ya kukhulupirira. Chinsinsi chimene mwachichotsa m'manja mwa kampani yokupatsani intaneti sichinafufutike, changosamukira m'manja mwa kampani ya VPN, imene tsopano ikudziwa adiresi yanu yeniyeni komanso kulikonse kumene mukupita. Pafupifupi makampani onse amalonjeza kuti sasunga kaundula wa zochita za makasitomala, ndipo imene ndimalipira inenso yalemba lonjezo limeneli ndi zilembo zikuluzikulu. Vuto n'lakuti kasitomala alibe njira yolowera mu seva kuti akadzionere yekha, choncho chimene chatsala ndi kuona mmene malonjezo otere anayesedwera m'mbuyomu.

Mbiri yake ndi yosakanikirana. M'chaka cha 2017, zikalata za ku khoti ku America zinasonyeza kuti PureVPN, imene inkadzitama kuti sisunga kaundula, inapereka ku FBI zolemba zimene zinathandiza kugwira munthu wina wozunza mnzake pa intaneti. Zinadziwikanso pambuyo pake kuti mu 2016 IPVanish, ili m'manja mwa eni ake akale, inachita zofananazo ku nthambi ya boma la America ya Homeland Security. Sindikumvera chisoni anthu amene anagwidwawo, chifukwa milandu yawo inali yonyansa. Chimene chikundikhudza n'chakuti kaundula amene ankati kulibe anapezeka kuti alipo tsiku limene anafunidwa. Mbali inayi kuli zitsanzo zolimbikitsa. Apolisi a ku Turkey analanda seva ya ExpressVPN mu 2017 pofufuza za kuphedwa kwa Andrei Karlov, kazembe wa Russia amene anawomberedwa ku Ankara mu 2016, ndipo sanapezemo zolemba zowathandiza. Mu Epulo 2023, apolisi a ku Sweden anafika ku maofesi a kampani ya VPN ya Mullvad ku Gothenburg ali ndi chilolezo chochita chipikisheni, koma anabwerera chimanjamanja chifukwa zimene ankafuna kunalibe. Umboni wa mtundu umenewu, wopezeka kampani itapanikizidwa ndi boma, ndimauona kukhala wolemera kuposa mawu alionse a pa chikwangwani, ndipo kampani imene ndikuiunika pano sinadutsepo pa mayeso otere poyera.

Nkhani ya PureVPN inandiphunzitsa kuwerenga mfundo za chinsinsi modekha, chifukwa pali kusiyana pakati pa kusalemba masamba amene munthu watsegula ndi kusalemba nthawi imene walumikiza komanso adiresi imene wachokera. Zachiwirizi pazokha ndi zokwanira kuzindikira munthu, zikangoyerekezeredwa ndi zolemba za webusaiti ina. Mfundo za kampani yanga zimakana zonse ziwiri, zimene ndi zabwino, koma m'munsi mwake zimavomereza kuti pulogalamu ya pa foni imatumiza malipoti a kagwiritsidwe ntchito, ndipo kuti muziletse muyenera kukazimitsa nokha. Imasunganso imelo yanu ndi mbiri ya malipiro, moti aliyense wolipira ndi khadi la ku banki asadzinamize kuti kampaniyo simudziwa.

Kampaniyi imanyadira kuti inaunikidwa ndi akatswiri odziimira paokha, ndipo lipoti lawo ndinaliwerenga. Ndi bwino kuti lilipo, ndipo kampani yopanda lipoti lotere sindingaipatse ndalama. Komabe lipoti limangonena zimene akatswiriwo anaona pa masiku amene anapitako, pa maseva amene anasonyezedwa, pa ntchito imene kampani yomweyo inawalipira. Silinena kanthu za zimene zingasinthe mwezi wotsatira. Limene ndinawerengali linkakhudza maseva okha, ndipo mapulogalamu a pa foni, amene khodi yake si yoonekera kwa anthu onse, sanaphatikizidwemo.

Ndi bwinonso kufunsa kuti mwini kampani ndani ndipo imamvera malamulo a dziko liti. Maina a VPN ndi ambiri, koma eni ake ndi ochepa kuposa mmene zimaonekera. Kape Technologies inagula CyberGhost mu 2017, Private Internet Access mu 2019, ndi ExpressVPN mu 2021 pa mtengo wa madola 936 miliyoni, ndipo m'chaka chomwecho cha 2021 inagulanso kampani imene ili ndi masamba ounika ma VPN monga vpnMentor. Kugula sikulakwa, koma wowerenga mndandanda wa ma VPN abwino kwambiri ayenera kudziwa kuti nthawi zina woyamikira ndi woyamikiridwa amadyera m'mbale imodzi. Pa za malamulo, chitsanzo chomveka ndi India, kumene bungwe la CERT-In linalamula mu 2022 kuti makampani a VPN azisunga zambiri za makasitomala kwa zaka zisanu. ExpressVPN, NordVPN ndi Surfshark anachotsa maseva awo m'dzikomo m'malo momvera. Zimenezi zikusonyeza kuti lonjezo la kampani limathera pamene lamulo la dziko layambira, ndipo yofuna kulisunga nthawi zina imayenera kusamuka.

Ena adzafunsa chifukwa cholipirira pamene aulere alipo ambirimbiri. Maseva amadya ndalama, ndipo ngati kasitomala sakulipira, ndalamazo zikuchokera kwina. Facebook inagula Onavo mu 2013, ndipo VPN yaulereyi inkaithandiza kudziwa mapulogalamu amene anthu akugwiritsa ntchito pa mafoni awo, mpaka inachotsedwa pa App Store mu 2018 n'kutsekedwa mu 2019. Mu 2015 zinaululika kuti VPN ina yotchedwa Hola inkagulitsa intaneti ya anthu oigwiritsa ntchito kwaulere kuti anthu ena azidutsirapo. Kafukufuku wa mu 2016, amene bungwe la CSIRO la ku Australia linatengapo mbali, anaunika mapulogalamu 283 a VPN a pa Android n'kupeza kuti 18 pa 100 alionse sankakiya n'komwe zimene zikudutsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kulipira sikutsimikizira kukhulupirika, koma kumathandiza kudziwa kumene kampani ikupezera phindu.

Zokhumudwitsa za tsiku ndi tsiku ziliponso. Popeza anthu ambiri amagawana adiresi imodzi, masamba ena amakukayikirani ndipo amakuumirizani kusankha zithunzi za mabasi ndi maloboti a pamsewu mobwerezabwereza musanalowe. Pulogalamu ya banki inakana kunditsegulira nditalumikiza ku seva ya dziko lina, ndipo pamenepa sindiimba mlandu banki, chifukwa ndi mmene iyenera kuchitira ikaona zachilendo. Masamba a mafilimu amatseguka lero, mawa n'kukana. Othandiza makasitomala amayankha mwachangu pa mafunso osavuta, koma nditawafunsa kuti maseva ati ndi awoawo ndipo ati ndi obwereka, ananditumizira ndime yokopera yosakhudzana ndi funsolo. Kulembetsa kumapitirira kokha nthawi ikatha, pa mtengo wokwera kuposa woyamba, ndipo batani loletsera lili kutali kuposa batani logulira.

Kwa munthu amene amalumikiza kawirikawiri pa Wi-Fi ya eni ake, kapena amene safuna kuti kampani yomupatsa intaneti izisunga mndandanda wa masamba ake, VPN imeneyi ndi yothandiza, bola ayatse kill switch tsiku loyamba ndi kuzimitsa malipoti aja. Mtolankhani kapena munthu woulula zachinyengo, amene moyo wake ungakhale pa chiswe akadziwika, asadalire kampani imodzi yokha. Tor, imene imadutsitsa uthenga m'makompyuta atatu osiyana kuti pasakhale imodzi yodziwa kochokera ndi kopita komwe, ndi yomuyenera kwambiri ngakhale kuti imachedwa. Wopita ku mayiko monga China, Russia kapena Iran afufuze kaye malamulo, chifukwa kumeneko ma VPN amaletsedwa kapena kuikiridwa malire. Ineyo ndaletsa kulembetsa kopitirira kokha ndipo ndizilipira mwezi ndi mwezi ngakhale kuti zimakwererapo mtengo, kuti kampaniyi ikadzagulitsidwa kwa eni ena, kapena ikadzasiya kutulutsa malipoti atsopano a akatswiri, ndidzachoke popanda kudikira kuti kulembetsa kwa zaka ziwiri kuthe.