Jekeseni wa m'bondo: wa steroid, wa mafuta kapena wa magazi?

Amayi anga ku Chinamwali adasiya kugwada m'tchalitchi chifukwa cha bondo lakumanja. Akamadzuka pamkeka amayamba agwira khoma. Kuchipatala adati ndi nyamakazi ya ukalamba: kafupa kofewa kamene kamakuta nsonga za mafupa kadatha, ndiye mafupa akukhulana. Achemwali ku Johannesburg atamva, mauthenga pa WhatsApp adangoti mbwee: "Amayi abayitse PRP, kuno aliyense akubayitsa." PRP ndi jekeseni wopangidwa kuchokera ku magazi a wodwala yemweyo. Ndidati ndifufuze kaye tisanagulitse mbuzi.

Ndiyambe ndi wa steroid, monga triamcinolone, poti ndi wakale komanso wotsika mtengo pa onsewa. Amaphwetsa kutupa msanga, pakangopita masiku ochepa munthu amayenda ngati wachira. Vuto lake sachedwa kusuluka, milungu inayi kapena isanu ndi umodzi ululu wabwerera. Ndipo si wobayitsa mwachisawawa. Ku America adayesa anthu 140, zotsatira zidatuluka mu 2017: ena ankawabaya steroid miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri, ena madzi amchere ngati a m'diripi. Pamapeto ululu sudasiyane kwenikweni, koma kafupa kofewa kaja kadatha kwambiri mwa a steroid. Odwala shuga achenjerenso, chifukwa shuga amakwera kwa masiku angapo akabayidwa. Amayi ali ndi shuga, choncho apa tidakhalapo pansi.

Wachiwiri ndi hyaluronic acid, amene ena amangoti wa mafuta. Maganizo ake ndi ngati kuthira girisi patcheni cha njinga, ndipo poyamba ankaupanga kuchokera ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala. Kumveka kwake n'kokoma, koma mu 2022 bungwe la NICE la ku Britain lidauza madokotala kuti asamaupereke pa nyamakazi imeneyi. Phindu lake ndi lochepa zedi poyerekeza ndi ndalama zake.

Tsopano PRP wa achemwali uja. Amakutenga magazi pamkono, n'kuwazunguza m'makina, kenaka kamadzi kachikasu kamene kayalana pamwamba amakabaya m'bondo. Anthu amaukonda poti "ndi magazi ako omwe". Ku Australia adauyesa pa anthu 288, zotsatira zidatuluka mu 2021: patatha chaka, a PRP sadapose obayidwa madzi amchere, kaya pa ululu kaya pa kafupa kaja. Za ma stem cell (maselo otengedwa m'thupi n'kubayidwa m'bondo) ndisatayepo nthawi. Akatswiri a nyamakazi ku America adawakana mu 2019 pamodzi ndi PRP yemweyo.

Chimene chidandidabwitsa ndi chakuti wopikisana weniweni sali m'jekeseni ayi. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2020 adayerekeza steroid ndi mafizo, ndipo chaka chitatha a mafizo ndi amene ankapezako bwino. Kunena zoona, kwa ine steroid ndi wa tsiku loti bondo latupa, munthu sakugona. Ngati mukuganiza za opaleshoni yoika bondo lachitsulo, uzani adokotala, chifukwa kubayitsa m'miyezi itatu yomaliza kumaonjezera chiopsezo choti chilonda chilowe tizilombo.

Amayi adabayitsa steroid kamodzi, kutatsala sabata kuti mdzukulu wawo akwatiwe, ndipo adavina ndithu pa perekaniperekani. Masiku ano m'mawa uliwonse amakhala pampando wa ndalema pakhonde, n'kumawongola mwendo kakhumi, akuwerenga mokweza uku akudandaula kuti phala likuzizira. Ndalama za PRP achemwali adatumizabe, tidagulira ndodo yoyendera ndi mpando wapamwamba wa kuchimbudzi.