Mun kapena Minmus: woyamba kumene akatere kuti?

Aliyense amene wakwanitsa kuika chombo m'njira yozungulira Kerbin, dziko lomwe zombo zimanyamukira mu gemu ya Kerbal Space Program, amakweza maso n'kuona Mun, chimwezi chotuwa chija, n'kuganiza kuti ulendo wotsatira ndi wa kumeneko. Minmus, mwezi wachiwiri wa Kerbin, amangooneka ngati kadontho, ena sadziwa n'komwe kuti kaliko. Ine ndimauza achinyamata amene timasewera nawo kuno ku Mufakose mu Harare kuti ayambire ku kadonthoko, ndipo zifukwa zake zili m'kapangidwe ka miyezi iwiriyi.

Mun ndi wamkulu, makilomita 200 kuchokera pakati kufika pamwamba, ndipo amakoka zinthu ndi mphamvu ya 1.63 m/s², pafupifupi mofanana ndi mwezi wathu weniweni. Minmus ndi makilomita 60 okha. Kuzungulira thupi lake lonse ndi makilomita 377, osafika ngakhale mtunda wa pamsewu kuchoka ku Harare kupita ku Bulawayo. Mphamvu yake yokoka ndi 0.491 m/s². Kerbal, kamunthu ka mu gemuyi, akadumpha kumeneko amachedwa kutsika mpaka mumayamba kukayika ngati laputopu yaima.

Kusiyana kumeneku kumamveka pa mafuta. Kuchoka m'njira yotsika yozungulira Mun kufika pansi kumadya delta-v (liwiro lomwe mafuta anu angasinthe) ya pafupifupi 580 m/s, ndipo kunyamuka kumafunanso yomweyo. Ku Minmus ndi pafupifupi 180 basi. Inde, Minmus ali kutali, makilomita 47,000 kuchokera pakati pa Kerbin pomwe Mun ali pa 12,000, koma mtunda wa mumlengalenga sulipiritsa monga wa pamsewu. Kuponya chombo ku Mun ndi 860 m/s, ku Minmus 930. Mwaonjezera 70, koma potera ndi ponyamuka mwapulumutsa pafupifupi 800. Ngakhale injini ikatha mafuta, Jebediah, Kerbal woyendetsa chombo, atha kutuluka m'chombo n'kukwera mpaka m'njira yozungulira Minmus ndi kachikwama ka jetpack ka kumsana kokha. Ku Mun musayese dala.

Tibwere pa nthaka, pomwe pamafera zombo zambiri. Mun ndi maenje okhaokha, ena mkati mwa anzawo. Mukutsika bwinobwino, chizindikiro cha retrograde, choloza kumbuyo kwa komwe mukulowera, chili pakati pa navball, kampira koonetsa komwe chombo chaloza, mithunzi ikukula, kenako mwendo umodzi wagunda pamtsetse womwe simunauone. Chombo chachitali chimapendekeka pang'onopang'ono, inu mukukanikiza makiyi onse, mpaka chagona chammbali ndipo ma solar panel athyoka. Mun alibe mpweya, parachuti ndi katundu chabe, ndiye injini ya Terrier ikachedwa kuyaka ndi masekondi ochepa, nkhani yatha. Minmus nayenso alibe mpweya, koma ali ndi zigwa zosalala zobiriwira motuwira, Great Flats, Greater Flats ndi Lesser Flats, zathyathyathya kuyambira uku mpaka uko. Mumaziona muli kutali, mumasankha chimodzi, mumatsika mwakachetechete. Mukalakwitsa, chombo chimangonjanja, mumakhala ndi nthawi yochiwongola.

Pamene Mun amapambana ndi pa njira. Amazungulira molunjika ndi equator ya Kerbin, choncho palibe chokhotetsa. Akale a gemuyi ali ndi lamulo lawo: muli m'njira yotsika, Mun akangotulukira m'mphepete mwa Kerbin, yatsani injini kulowera kutsogolo, mukakumana naye. Njira ya Minmus ndi yopendekeka ndi madigiri 6, ndipo ambiri amamuphonya, kudutsa pamwamba kapena pansi pake. Mankhwala ake ndi kumuika kukhala target, ndiye kuti komwe mukulinga, kuona pomwe njira ziwirizo zadutsana, pa AN kapena DN, n'kukonzera pamenepo. Kapena konzani muli pakati pa ulendo, chombo chitachepa liwiro, mafuta ake amakhala ochepa kwambiri. Ndi phunziro la madzulo amodzi.

Ulendo wa ku Minmus ndi wautalinso, masiku angapo a Kerbin, koma time warp, yofulumizitsa nthawi, imameza zimenezo. Chotopetsa chenicheni ndi kutsika kwake kwapang'onopang'ono, makamaka magetsi akathima ndipo batire ya laputopu ikulira. Dinani F5 kuti musunge gemu musanayambe kutsika, achimwene, F9 yokubwezerani pomwe munasungapo idzakupukutani misozi. Rover, kagalimoto koyendera pansi, nayonso imavuta ku Minmus: matayala sagwira nthaka, mukangokhota mwaliwiro yagudubuzika. Kumeneko ndi bwino kudumpha ndi chombo kuchoka biome (dera la nthaka yakeyake) ina kupita ina.

Za sayansi, mapointi omwe mumapeza poyeza zinthu n'kutsegulira zida zatsopano, Mun ali ndi ma biome 17 pomwe Minmus ali ndi 9, ndiye pa pepala Mun ndi wolemera. Koma zoyeza za pansi pa Minmus gemu imazichulukitsa ka 5, za ku Mun ka 4, ndipo ndi thanki imodzi mutha kuyendera ma biome angapo a Minmus musanabwerere. Ku Mun kudumpha kulikonse kumakhetsa thanki.

Mun musamuthawe mpaka kalekale, chifukwa amene sanaphunzire kutera pamtsetse ndi mphamvu yokoka yeniyeni adzavutika ku Ike ndi ku Vall, miyezi ya mapulaneti ena a mu gemuyi, ndipo Tylo, mwezi wokoka mwamphamvu kwambiri, sadzamukhululukira. Koma mupiteko ndi zida zomwe mwatsegula ndi sayansi ya ku Minmus, chombo chikhale chachifupi ndi chotambalala miyendo, ndipo mutere mbali yomwe kuli dzuwa.